Mapu a madzi apansi pa nthaka: kuno kuchigwa titsegule ati tisanaitane obowola mjigo?

Kuno kuchigwa cha Shire funso loti pansi pali madzi kapena ayi silivuta kwenikweni, madzi alipo, kaya ku Nchalo kaya ku Ngabu kaya ku Bangula mukabowola nthawi zambiri mumawapeza ndithu. Chimene chimaliza anthu ndi mchere. Mjigo watsopano, simenti yake yowala, pampu yake ya Afridev ikulira bwinobwino, koma amayi akuudutsa ndi zidebe kupita kumtsinje komwe kuli ng'ona chifukwa madziwo sapsetsa nyemba, sopo sachita thovu, tiyi wake ndiye musanene. Ndiye mapu aliwonse amene munthu angakuuzeni kuti tsegulani pa intaneti, ine ndimawayeza ndi funso limodzi basi, akundiuza chani za mchere pamalo pomwe ndikufuna kubowola? Enawa ndi okongola zedi koma pafunso limenelo ali zii.

Njira zilipo zingapo ndipo zaulere ndi zambiri, chimene mumalipira ndi bandulo basi, kaya ya Airtel kaya ya TNM. Ndiziyika mmene ndimazionera, zina ndikhalapo nthawi zina ndingodutsa.

Yomwe anthu ambiri amayamba kugwerapo akasaka pa Google ndi Africa Groundwater Atlas, ya bungwe la ku Britain loona za miyala lija la British Geological Survey, mwachidule BGS. Ili pa tsamba lawo lotchedwa Earthwise, ndipo imaoneka ngati Wikipedia, dziko lililonse tsamba lake, maiko 51 a mu Africa. Mungolemba kuti Hydrogeology of Malawi mwafika. Ubwino wake woyamba ndi woti ndi yopepuka, zolemba ndi zithunzi zochepa, foni yawamba imatsegula ngakhale netiweki ikuchita zake zija za ku East Bank, palibe kulembetsa, palibe pasiwedi. Tsamba la Malawi limafotokoza mwachidule nyengo, mitsinje, miyala ya dziko lino ndi mmene mtundu uliwonse umasungira madzi, ndipo kwa munthu amene sanaphunzirepo za miyala apa ndi poyambira pabwino kwambiri. Mumamva kuti gawo lalikulu la Malawi lakhala pa mwala wakale wolimba umene amaulemba kuti basement, womwe madzi ake amangokhala m'ming'alu ndi pomwe wafumbutuka, pamene ifeyo kuno takhala pa mchenga, miyala ing'onoing'ono ndi dongo zomwe mitsinje yakhala ikutsira m'chigwamu kwa zaka zosawerengeka, chimene pamapupo ndi unconsolidated, ndipo mtundu umenewu ndi umene umapereka madzi ambiri.

Koma taonani kukula kwa mapu akewo. Ndi a 1:5,000,000, kutanthauza kuti sentimita imodzi pamapu ndi makilomita 50 pansi. Kuchoka pa boma la Chikwawa kukafika pa boma la Nsanje sipakwana ndi masentimita atatu omwe. Mudzi wanu, sukulu yanu, munda wanu wa kudimba, zonse zili mkati mwa kadontho kamodzi. Ndiye chigwa chonse chapakidwa mtundu umodzi wosonyeza kuti madzi ndi ambiri, zomwe si bodza, koma mtunduwo ukunena za kuchuluka osati kukoma. Eni akewo amanenanso poyera kuti mapuwa ndi oonera dziko lonse osati osankhira malo obowola. Ndaonapo anthu akuika chithunzi chimenechi m'pulopozo yopempha thandizo la mjigo ngati umboni woti pamudzi pawo madzi abwino alipo, ayi abale, chithunzicho chikanakhalanso chomwecho ngakhale mudziwo ukanakhala pakati pa dambo la mchere.

Chinthu china cha phindu kumeneko ndi nkhokwe yawo ya malipoti, Africa Groundwater Literature Archive, komwe mungasake ndi dzina la dziko kapena la malo n'kupeza malipoti akale ndi atsopano. Apa pofunika kudekha ndi Chingerezi cholimba, ndi malo a ana asukulu a ku MUBAS, ku MUST kapena ku Chanco amene akulemba pulojekiti. Amene amadziwa pulogalamu ya mapu ya pakompyuta yotchedwa QGIS angathenso kudawuniloda mapuwo ngati shapefile n'kuikapo malire a ma T/A, ngakhale kuikapo malire sikuwonjezera tsatanetsatane amene mulibemo. Za kumasulira tsambalo ndi Google kuti likhale m'Chichewa, zimatheka, koma mawu a miyala amatuluka osokonekera, bola kuwerenga Chingerezi chomwecho pang'onopang'ono.

Yachiwiri ndi ya SADC, SADC Groundwater Information Portal, yomwe amayang'anira a SADC Groundwater Management Institute, ndipo pafupi nayo pali ya IGRAC, bungwe la za madzi apansi la ku Delft ku Netherlands, yomwe ndi ya dziko lonse lapansi. Izi si zowerenga ngati tsamba ayi, ndi mapu osuntha aja, mumayatsa ndi kuzimitsa zigawo, kukulitsa, kudina. Mapu a SADC a madzi apansi anatuluka mu 2010 pa 1:2,500,000, ndiye sentimita imodzi ndi makilomita 25, kuposa aja a BGS pang'ono koma mudzi wanu simuuonabe. Chimene ndimaikondera ndi chimodzi, siimathera pamalire pa Marka. Madzi apansi a m'chigwa chino sadziwa malire, mchenga womwewo umapitirira kulowa ku Mozambique, ndipo pamapu amenewa umalembedwa ngati nkhokwe imodzi ya maiko awiri, Shire Valley Alluvial Aquifer. Kwa amene ali ku Nyachikadza kapena kwa Ndamera zimenezi si nkhani yachilendo, abale ali mbali zonse. Vuto lake pafoni ndi chilango, zigawo zimachedwa kutseguka, bandulo imapita osaona, chala chikadina apa chadina pena. Ngati mulibe laputopu ndi netiweki yokhazikika ingoisiyani, simutaya zambiri.

Tsopano yomwe ine ndimaiika patsogolo ndi yathu yomwe, Hydrogeology and Groundwater Quality Atlas of Malawi ya 2022, ya unduna wa za madzi ndi ukhondo, yomwe anaipanga mogwirizana ndi akatswiri a ku University of Strathclyde ku Scotland. Dzina lokhalo mwamva kuti muli mawu oti quality, ndiye nkhani ya mchere ija yalowa. Atlas imeneyi si buku limodzi, yagawidwa potsata zigawo za madzi za dziko lino zomwe zilipo 17, ndiye musavutike kudawuniloda zonse. Ife tili mu Water Resource Area 1, ya Shire, ndipo amene ali cha ku Chiromo komwe Ruo amathira mu Shire ayang'anenso Water Resource Area 14 ya Ruo. Ndi ma PDF, olemera ndithu chifukwa mapu ndi ambiri, koma ubwino wa PDF ukaidawuniloda kamodzi yatheka, mumaitsegula kumudzi kopanda netiweki, mumatumizirana pa WhatsApp kapena pa Bluetooth osalipiranso kanthu. Gulani bandulo ya usiku kapena pemphani waifai penapake pa boma, mutenge kamodzi mukhale nayo.

Mkatimo muli mapu a miyala, a kuya kwa madzi, ndi a zomwe zinapezeka m'madzi atayezedwa, ndipo apa ndi pomwe muyenera kudziwa manambala awiri atatu kuti mapuwo alankhule. Mchere m'madzi amauyeza ndi chimene amalemba kuti EC, mmene madziwo amadutsitsira magetsi, mchere ukachuluka nambala imakwera. Muyezo wa dziko lino wa madzi a m'mijigo ndi zitsime, MS 733 wa 2005, umalola EC mpaka 3,500 ndipo mchere wonse wosungunuka, TDS, mpaka mamiligalamu 2,000 pa lita. Koma lilime silidikira 3,500, anthu amayamba kudandaula kale nambala isanafike pamenepo, ndiye mjigo ukhoza kukhoza mayeso papepala koma n'kukanidwa ndi mudzi. Palinso fluoride, amene alibe kukoma kulikonse koma amadetsa mano a ana kukhala ofiirira, muyezo wathu wa mijigo umalola mpaka mamiligalamu 6 pa lita pamene a WHO amati 1.5, kusiyana kwakukulu kumeneko, ndiye mukaona pamapu kuti malo anu ali mkati mwa muyezo funsani kuti muyezo wake uti.

Ngakhale atlas imeneyi ili ndi polekezera pake. Kadontho kalikonse ndi mjigo umene winawake anayeza n'kupereka zotsatira, ndipo mijigo yambiri inabowoledwa ndi mabungwe, matchalitchi, andale nthawi ya kampeni, popanda pepala lililonse lofika ku unduna. Ndiye pomwe palibe kadontho sizikutanthauza kuti palibe mchere, zikungotanthauza kuti palibe anayeza kapena anayeza n'kusunga m'kabati. Pakati pa madontho awiri otalikirana mapu amangoyerekeza.

Ndipo kuno kuyerekezako ndi koopsa chifukwa cha mmene mcherewo umakhalira. Chigwa chino ndi chotsika, kumalire a kumwera ndi pafupifupi mamita 37 okha pamwamba pa nyanja yamchere, malo otsikitsitsa m'Malawi muno. Mvula ndi yochepa, kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumapyola madigiri 40, ndiye pomwe madzi apansi ali pafupi ndi nthaka dzuwa limawakoka n'kusiya mchere, chaka ndi chaka, mpaka nthaka imachita kuyera pamwamba, ndi chifukwa chake makolo ankapanga mchere kuchokera ku dothi m'madambo ena kuno. Pomwe pali dongo madzi sayenda, amakhalitsa, amasungunula mchere wambiri. Kumadzulo kwa Shire, cha ku Lengwe ndi ku Mwabvi, kuli miyala yakale yotchedwa Karoo ndi ina ya Lupata yomwe nayo imathira mchere wake, ndiponso ming'alu ikuluikulu ya m'nthaka ngati ija ya Mwanza imatha kukweza madzi akuya amchere kubwera nawo pamwamba. Madzi okoma amakonda kupezeka mumchenga wa m'mbali mwa mitsinje, m'makwalala akale amene mtsinje unadutsamo kalekale n'kusiyamo mchenga, ndi m'munsi mwa mapiri momwe timitsinje timatsikira kuchigwa, monga kutsinde kwa phiri la Thyolo mbali ya East Bank. Pansipa ndiye pali ngati chitenje cha zigamba, apa mchenga apa dongo, ndipo mijigo iwiri ya mudzi umodzi wina wokoma wina wosamweka si zachilendo. Palinso chikhulupiriro chija choti ukapita pansi kwambiri upeza madzi abwino, kumtunda mwina, koma kuno nthawi zina okoma ndi apamwambawo ndipo kupitiriza kubowola ndiko kulowa mumchere n'kuwononga ndi abwino omwe. Kumbukiraninso kuti Afridev imakoka madzi mpaka cha m'mamita 45, ndipo pampu ya manja siifuna madzi ambiri, pakati pa 0.1 ndi 0.3 ya lita pa sekondi yakwana, ndiye kuthamangira malo amadzi ochuluka pamene mukufuna mjigo wa pamudzi n'kosafunika, thamangirani okoma.

Njira yachinayi si atlas kwenikweni koma ndimaiika pamodzi, ndi mWater. Iyi ndi apu komanso tsamba, ndipo mijigo, zitsime ndi mipopi yambirimbiri ya m'Malawi inalembedwamo ndi GPS pa ntchito yomwe boma linachita ndi thandizo la ku Scotland. Apa ndi pokhapo pomwe mungakulitse mpaka kuona mudzi wanu ndi mijigo yozungulira, uwu ukugwira ntchito uwu unafa. Imafuna kutsegula akaunti, ndipo si zonse zomwe munthu wamba amaziona, komanso zolembedwazo zimakalamba msanga kuno, madzi osefukira a 2015, Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anakwirira mijigo ina ndipo midzi ina inasamuka, ndiye kadontho kobiriwira pasikirini mwina pansi ndi mchenga wokhawokha. Sikuuzani za miyala, koma ikakusonyezani mijigo isanu yapafupi mwapeza pokayambira kuyenda. MASDAP, tsamba la boma la mapu osiyanasiyana, ndingoitchula podutsa, kwa ife phindu lake lalikulu ndi kuona malo osefukira madzi kuti mjigo usaikidwe pomwe udzamizidwe.

Ndiye pali mapu a pepala a ku Geological Survey Department ku Zomba. Anthu amawaderera chifukwa ndi akale, ena ndi a nthawi ya atsamunda pamene Nsanje inkatchedwa Port Herald, moti posaka lipoti la kuno muyenera kulemba dzina limenelo. Koma miyala siisamuka m'zaka 60, ndipo mapu a 1:100,000 ndi sentimita imodzi pa kilomita imodzi, kusiyana kwake ndi aja a BGS ndi ka 50. Mumaona pomwe Karoo yathera, pomwe mng'alu wadutsa, pomwe mchenga wa chigwa wayambira. Kwa amene ali kumapiri ngati ku Chididi kapena kwa Chapananga, komwe vuto limakhala kusowa kwa madzi m'mwala wolimba osati mchere wokha, mapu amenewa ndi ofunika kuposa onse ndatchulawa. Kuipa kwake ndi ulendo, kukwera Thabwa, Blantyre, kenako Zomba, thiransipoti yokha ndi ndalama, ndiponso akunena za miyala osati madzi, pamafunika wina wodziwa kuti akumasulireni. Komiti ya mjigo sindingaiuze kuti ipite ku Zomba. Bungwe lomwe likubowola mijigo 20 m'boma limodzi, limenelo lilibe chowiringula.

Mwaona kuti ndayamba kuchoka pa intaneti, ndi dala. Pa khonsolo ya Chikwawa ndi ya Nsanje pali ofesi ya za madzi, ndipo pansi pake pali alangizi a madzi ndi amakaniki a m'madera, anthu amene amasula mijigo imeneyi tsiku ndi tsiku. Makaniki wa dera amadziwa kuti mjigo wa pasukulu mapaipi ake ndi angati, wa kutchalitchi unasiyidwa chifukwa chani, uti umauma mu Novembala. Zimenezo mulibe mu atlas iliyonse. Onjezani amayi otunga madzi, afunseni kuti akafuna kuphika nyemba kapena kuchapa amapita mjigo uti ndipo amadutsa uti, mupeza mapu a mchere olondola kuposa a pa kompyuta, kungoti alibe manambala. Manambalawo mungawapeze ndi kachipangizo koyezera EC, kakang'ono kolowa m'thumba, mumangoviika m'kapu ya madzi n'kuwerenga, a ofesi ya madzi ndi mabungwe ena amakhala nako. Yendani mijigo yonse yozungulira, lembani nambala, kuya kwake ngati kukudziwika, ndi malo ake pa GPS ya foni. Fluoride yekha ndi tizilombo toyambitsa matenda kachipangizoka sikaona, zimenezo ndi za ku labotale.

Chomaliza ndi chodula, kuyeza nthaka ndi makina musanabowole, kuja amakhoma zitsulo pansi m'mzere n'kudutsitsa magetsi. Kuno njira imeneyi ili ndi mwayi wake chifukwa madzi amchere amadutsitsa magetsi mosavuta pamene mchenga wa madzi okoma umakana, ndiye kusiyanako kumaoneka. Koma dongo nalonso limadutsitsa magetsi mosavuta, moti woyeza wosazama akhoza kusokoneza ziwirizi, kapena kungoona nambala yotsika n'kunena kuti apa madzi ndi ambiri, inde ambiri koma amchere. Woyeza wabwino amayamba wafunsa za mijigo yapafupi ndipo amakhala ataona mapu a miyala. Akangofika n'kutulutsa mawaya osafunsa kanthu, ine ndimayamba kukayika. Za kusaka madzi ndi timitengo ndi mawaya opinda m'manja zija sindilowamo mkangano, koma ngakhale amene amazikhulupirira sananenepo kuti zimasiyanitsa madzi okoma ndi amchere.

Ndiye atenge iti ndani? Mwana wasukulu kapena mphunzitsi wa jogalafe, BGS yakwana, ndipo akafuna zakuya alowe m'nkhokwe ya malipoti ija. Wolemba pulopozo atenge atlas ya 2022, gawo la Shire, aikemo mapu a mchere osati a kuchuluka kwa madzi okha, ndipo mu bajeti aikemo ndalama yoyezera nthaka ndi ya mjigo umodzi kapena iwiri yomwe ingakanike, opereka thandizo amene amadziwa chigwa chino sadabwa nazo. Mlimi amene akufuna mjigo wa sola wothirira, iyeyu asamale kuposa onse, chifukwa madzi amene munthu angapirire kumwa akhoza kuwononga munda pang'onopang'ono, mchere umatsalira m'nthaka nthawi iliyonse mwathirira, komanso pampu ya sola imakoka madzi ambiri tsiku lonse ndipo ikhoza kukokera amchere kuchokera pansi kapena m'mbali, mjigo womwe unayamba wokoma n'kusintha. Mafumu ndi makomiti a m'midzi, PDF ija ngati wina ali nayo pafoni ionetseni, koma mphamvu zanu ziike pa kuyenda mijigo yapafupi ndi mlangizi wa madzi.

Ndipo mukafika pogwirizana ndi obowola, funsani kaye ngati ali ndi chilolezo cha National Water Resources Authority, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la za madzi la 2013. Mgwirizano wambiri umangonena za mjigo wouma, kuti akapanda kupeza madzi zikhala bwanji, koma kuno mulembemo za mchere, nambala ya EC yomwe mukugwirizana kuti ikapyola mjigowo simuulandira, ndipo ndani alipira zikatero. Auzeni aziyeza EC akamabowola, paipi iliyonse ikalowa, osati kudikira kumapeto simenti itauma, chifukwa akaona nambala ikukwera akhoza kuima n'kutseka pansipo. Pomaliza akupatseni pepala la mmene abowolera, kuya kwake, dothi lomwe apeza pa mita iliyonse, pomwe madzi anayambira, pomwe aika mapaipi a timabowo tolowera madzi, ndi zotsatira za ku labotale. Kope imodzi isungidwe ndi komiti, ina ipite ku ofesi ya madzi pa boma, ngakhale mjigowo utakhala kuti wakanika, makamaka ukakanika, kuti mudzi woyandikana nawo usadzabowolenso pamzere womwewo.